Phwetekere wa Padzala ndi Tomato wa M'paketi

Ine ndine mlendo pano pa Likoma, ndipo paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kanga mukayesa nokha kumunda ngati n'kakuthwadi.

Ndabwera pa sitima ya Ilala. Kuchokera pa Nkhata Bay ndinakhala pansi paja, pakati pa matumba a ufa, makreti a zakumwa ndi madengu a tomato. Dengu lina linali pafupi ndi phazi langa, ndipo tisanaione n'komwe Chizumulu, madzi ofiira anali atayamba kuchucha pansi pake. Mwini dengulo, mayi wa geni, anavundukula chitenje chimene anaphimbira, n'kupukusa mutu. "Uyu ndi wamadzi, bambo. Akanakhala Tanya sindikanadandaula." Mayi ameneyu sanapite ku sukulu ya zaulimi ya Bunda, koma m'mawu ochepawo anakamba phunziro lonse la lero: tomato ndi tomato amasiyana, ndipo kusiyanako amabadwa nako.

Pa chinangwa sindingakuphunzitseni zimenezi. Inu odya kondowole mumadziwa chinangwa chokoma ndi chowawa, chokhwima msanga ndi chochedwa, chimene chimapirira masamba akayamba kukwinyika ndi chimene chimagonja. Gomani, Mbundumali ndi Sauti simungazisokoneze ngakhale usiku. Koma tikafika pa tomato, ambiri timangoti tomato. Tikafuna mbewu timagula paketi imene ili ndi chithunzi chofiira kwambiri, kapena timafinya tomato wamkulu amene watsala pa mulu wa kumsika wa Mbamba. Akafota timadzudzula nthaka, dzuwa, mwina mnansi.

Chimene chimasiyanitsa mbewu ndi mbewu akatswiri amachitcha majini. Ndikuona amayi ena ayang'anana. Ayi, si majini aja ogwira anthu, ndipo pano pa Chipyela, pamene dzina lake lomwe likutikumbutsa za anthu amene ankaotchedwa powaganizira ufiti tchalitchi ichi chisanayambe kumangidwa mu 1903, ndiyenera kusamala lilime. Majini amene ndikunena ndi malangizo olembedwa m'kati mwa njere, amene mbewu imalandira kuchokera kwa makolo ake. Mu 2012 asayansi a mayiko osiyanasiyana anamaliza kuwerenga malangizo onse a tomato, ndipo anapeza majini pafupifupi 35,000. Ena amalamula kutalika kwa mtengo, ena kulimba kwa khungu, ena kuchuluka kwa shuga, ena ndi alonda olimbana ndi matenda.

Tomato kwawo ndi ku South America, m'mapiri a Andes, ku Peru ndi Ecuador. Kumeneko amamera yekha m'tchire, tizipatso tating'ono ngati mikanda. Anthu a ku Mexico ndiwo anamuweta n'kukhala mbewu ya m'munda, ndipo dzina loti tomato linachokera ku mawu awo akuti tomatl. Asipanya anamutengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuchokera kumeneko anafalikira mpaka kufika m'madimba mwathu. Pa ulendo uliwonse, onyamula njere ankangotenga zochepa. Inu a pachilumba mumvetsa msanga. Mutatenga mbuzi ziwiri zokha n'kukazisiya pa kachilumba kopanda mbuzi, pakatha zaka makumi awiri mudzapezapo khola lalikulu, koma mbuzi zonsezo magazi ake ndi amodzi. Nthenda imene ingaphe imodzi imaliza zonse. Tomato wolimidwa padziko lonse ali chimodzimodzi. Wozungulira, wotalika, wachikasu, wamkulu ngati nkhonya, maonekedwe ndi ambiri, koma akatswiri atayeza anapeza kuti kusiyana kwa majini kumene kuli mwa iye sikufika ngakhale magawo 5 pa 100 a kusiyana kumene kuli mwa abale ake a m'tchire.

Abale a m'tchirewo alipo mitundu 12. Ambiri mwa iwo simungawaike mu usipa: zipatso zake ndi zobiriwira ngakhale zitapsa, zina zaubweya, zina zonunkha. Koma ena amamera m'chipululu mopanda mvula, ena pamwamba pa mapiri ozizira, ena pa zilumba za Galapagos m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Anakumana ndi matenda kwa zaka zosawerengeka popanda womwaza mankhwala, ndipo amene anali ofooka anatha kalekale. Munthu wina wa ku yunivesite ya California ku Davis, Charles Rick, anathera moyo wake kukwera mapiri amenewo akutola njere, mpaka anamwalira mu 2002. Nkhokwe ya mbewu imene anasiya imatchedwa ndi dzina lake, ndipo okonza mbewu za tomato padziko lonse amakatapa kumeneko.

Nditenge chitsanzo chimodzi chimene chikukhudza mchenga wa pano. Ambiri mwa inu munazulapo tomato wonyentchera, wofota masana ngakhale mwathirira m'mawa, n'kupeza mizu yake ili ndi timfundo totupa ngati mkanda wa m'chiuno. Amene amachita zimenezi ndi timinyongolotsi tosaoneka ndi maso, totchedwa nematode, ndipo timakonda nthaka yamchenga ndi yotentha, ngati ya Likoma. Timalowa mu muzu, muzuwo n'kutupa, madzi n'kulephera kukwera. Mu tomato wolimidwa munalibe wopirira. Koma wachibale wina wa ku Peru, Solanum peruvianum, mizu yake imakhala yosalala ngakhale mu nthaka yodzaza nato. Vuto linali lakuti ubale wake ndi wakutali: mukamukwatitsa ndi tomato wathu, njere imafera m'mimba isanakhwime. Mu 1944, Paul Smith wa ku California komweko anatumbula chipatso chanthete, n'kuchotsa kamluza kamene kakanafa, n'kukalera m'botolo pa chakudya chokonzedwa, monga mmene anamwino amalerera mwana wobadwa masiku asanakwane. Kammera kameneko ndiko kanalowetsa jini yotchedwa Mi mu tomato wolimidwa. Mukaona chilembo N pa paketi ya mbewu, dziwani kuti pafupifupi nthawi zonse mzere wake ukubwerera ku botolo limenelo.

Pano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amanena kuti ogulitsa mbewu anawanamiza. Jini ya Mi imagwira ntchito nthaka ikakhala yozizirirapo. Kutentha kwa nthaka kukapitirira madigiri 28 kwa nthawi, mlonda uja amawodzera, nematode n'kulowa. Tsono ganizirani mchenga wa pano mu Okotobala masana, umene mwana sangaupondeko opanda nsapato. Mbewu ya N mu mchenga wosaphimbira ili ngati mlonda womangidwa manja. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba a mango, thirani manyowa ambiri, ndipo mwathandiza jini imene munailipira kale pogula paketi. Kuphimbira timakunena ngati njira yosunga chinyezi chabe. Pano ndi mbali ya chitetezo.

Apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati mbewu yabwino ndi yabwino paliponse. Tomato wambiri m'dziko muno amachokera kumapiri: ku Tsangano ndi Lizulu, ku Bembeke, ku Jenda, ku Bvumbwe. Mdani wamkulu kumeneko ndi chiwawu cha nyengo yozizira ndi ya chifunga, chija chimadetsa masamba ndi zipatso m'masiku ochepa, chomwenso chinaononga mbatatesi ku Ireland mu 1845 mpaka anthu kufa ndi njala. N'chifukwa chake alimi a kumeneko sasiyana ndi Dithane. Kunyanja kuno adani ndi ena. Kuwonjezera pa nematode, pali tintchentche toyera tobisala kunsi kwa masamba, timene timafalitsa kachilombo kopiringiza masamba a kunsonga n'kuwasandutsa achikasu, mtengo n'kupinimbira osabereka. Pali kangaude wofiira wa m'chilimwe. Pali kuyoyoka kwa maluwa, chifukwa kukatentha kwambiri, makamaka usiku, mungu wa tomato umafooka ndipo duwa limagwa lisanagwire. Palinso kufota kwadzidzidzi, mtengo wobiriwira bwinobwino dzulo lero uli lende.

Kufota kumeneku mukhoza kukuyeza nokha. Dulani tsinde cha pansi, mutenge kachidutswa kotalika ngati chala, mukakoleke mu tambula ya galasi ya madzi oyera, nsonga yake yokha itamira. Musagwedeze. Pakapita mphindi zochepa, mukaona tinthu toyera tikutsika kuchokera pa tsindelo ngati utsi kapena mkaka, ameneyo ndi bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Ralstonia. Palibe mankhwala opopera amene amachiza, ndipo amene angakugulitseni botolo la nthenda imeneyi akungokudyerani ndalama. Chimene chimathandiza ndi kusintha malo, osabwerezanso tomato, mabiringanya, tsabola kapena mbatatesi pamenepo kwa zaka zingapo, komanso mtundu wopirira. Rodade, amene anakonzedwa ku South Africa, amadziwika ndi kupirira kumeneku. Madzi akakhala oyera osatuluka kanthu, ng'ambani tsindelo. Mukapeza mizere yofiirira m'kati, makamaka ngati masamba anayamba chikasu mbali imodzi, ganizirani za nthenda ya Fusarium, imene imaimiridwa ndi chilembo F pa paketi ya mbewu yopirira ngati Roma VF. Jini yoyamba yolimbana ndi Fusarium nayonso inachokera kwa wachibale wa m'tchire wa timikanda tofiira, Solanum pimpinellifolium, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930.

Nanga okonza mbewu amakwatitsa bwanji tomato? Ndabwera ndi duwa ili. Duwa la tomato lili ndi mwamuna ndi mkazi pamodzi. Kachipewa kachikasu aka ka pakati ndi kachimuna, m'kati mwake muli mungu. Mukakang'amba mupeza kamtengo kobiriwira kowonda ngati singano, kameneko ndi kachikazi. Duwa limadzikwatira lokha, n'chifukwa chake tomato kawirikawiri amabereka ana ofanana naye. Wokonza mbewu amasankha duwa limene lingatseguke mawa, n'kuchotsa kachipewa kaja mosamala osathyola singano. Mawa lake amagogoda mungu wa mtengo wina pa chikhadabo kapena pa kagalasi, n'kukhudzitsa nsonga ya singanoyo, kenako kumangapo kaulusi kuti asaiwale. Ntchito yonse ndi yomweyo, mwana wa Sitandade 7 akhoza kuichita. Chovuta ndi chotsatira. Mwana wa tomato wathu ndi wa m'tchire amatenga chitetezo, inde, koma amatenganso zipatso zazing'ono ndi zoipa zina za kuchimuna. Ndiye amamukwatitsanso ndi kholo labwino lija, n'kusankha ana amene asunga chitetezo, n'kuwakwatitsanso, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, mpaka zoipa zitasefeka. Pamapita zaka. Masiku ano amayeza DNA ya tsamba la mmera kuti adziwe msanga amene watenga jiniyo, ndipo zimafupikitsa ulendo.

Zokolola ndizo zimavuta koposa. Chitetezo ku nthenda imodzi nthawi zambiri chimadalira jini imodzi, muli nayo kapena mulibe. Kuchuluka kwa madengu kumadalira majini ambirimbiri, iliyonse kuponyapo pang'ono, ndiponso nthaka, madzi ndi dzuwa. Palinso kusinthanitsa. Mukafuna zipatso zikuluzikulu zimachepa pa phava. Mukafuna wolimba paulendo, msuzi wake umachepa kukoma, ndipo amayi ophika amadziwa zimenezi kuposa ine.

Tanya amene mayi wa pa sitima uja ankamulakalaka ndi wochokera ku Tanzania. Bungwe lofufuza za ndiwo zamasamba la World Vegetable Center, limene linayamba ku Taiwan mu 1971 n'kutsegula nthambi ku Arusha mu 1992, linagwira ntchito ndi akatswiri a boma a ku Tengeru, ndipo mu 1997 anatulutsa mitundu iwiri, Tanya ndi Tengeru 97. Tanya ndi wamfupi, zipatso zake zolimba, zosaola msanga. Tengeru 97 ndi wotalika, wofuna mitengo yomangirira, ndipo anamukonza kuti apirire nematode, Fusarium ndi matenda ena a tizilombo ta m'masamba. Mitundu iwiriyi inadutsa malire mpaka lero mayina ake amamveka m'misika yathu kuposa mtundu wakale wa Money Maker. Chimene ine ndimaikondera n'chakuti si hayibulidi. Njere zake mukhoza kusunga.

Pa hayibulidi ndiulule zanga. Chaka china ndinagula tomato wokongola kwambiri pamsika wina mu tauni, onse ofanana ngati mazira. Ndinafinya, n'kufesa pa nazale, n'kuwokera mizere isanu ndi itatu. Chimene chinatuluka chinali chisakanizo: wina wamtali, wina wamfupi, wina wozungulira, wina wosongoka, ena n'kufota asanabereke. Akazi anga anangoti, "Inu alangizi, dimba ili mwabzala mitundu ingati?" Wolakwa ndinali ine ndemwe. Tomato uja anali F1, mwana woyamba wa makolo awiri osiyana. F1 amakhala wamphamvu ndi wofanana chifukwa mtengo uliwonse unatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, mofanana ndendende. Koma adzukulu amagawana chumacho mwachisawawa.

Amene anatulukira masamu ake anali munthu wa tchalitchi, Gregor Mendel, amene ankalima nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe ku Brno ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1866, anthu n'kuzinyalanyaza mpaka 1900. Masamuwo ndi awa. Ngati F1 anatenga jini yoteteza kwa kholo limodzi lokha, mwa adzukulu anayi alionse atatu amatetezeka, mmodzi ayi. Majini akakhala awiri, otenga onse ndi 9 pa 16. Akakhala atatu, ndi 27 pa 64, osafika ndi theka lomwe. Choncho paketi yolembedwa F1 si yoipa, kawirikawiri imabereka kwambiri, koma ndi ya chaka chimodzi. Amene ali ndi ndalama ndi madzi okwanira agule. Amene akudziwa kuti chaka chamawa adzafinya njere ayambe ndi mtundu wosakhala F1.

Musaganizenso kuti jini ikalowa nkhondo yatha. Matenda nawonso ali ndi majini, ndipo amasintha. Jini ina yochokera kwa wachibale wa ku Peru yemwe uja inateteza tomato ku nthenda ya mawangamawanga a masamba kwa zaka zoposa makumi anayi. Mu 2014 ndi 2015, ku Israel ndi ku Jordan kunabuka kachilombo katsopano kamene kanailumpha ngati mpanda wakugwa, ndipo kafalikira mayiko ambiri. Ndiye pali kambozi kaja ka Tuta absoluta, kolowa pakati pa tsamba n'kusiya mawindo oonekera. Kanachoka ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo posakhalitsa kanali m'madimba a kuno. Pa kameneka musadalire paketi: kuyendera dimba kawirikawiri, kuthothola ndi kukwirira masamba ogwidwa, kuzula mitengo yotha kubereka, ndi kusintha mankhwala m'malo mopopera amodzimodzi mpaka kambozi katawazolowera.

Tsopano ndifike pa amene ndamuika pa mutu wa nkhani. Kuseri kwa nyumba zambiri, padzala, pafupi ndi bafa kapena pansi pa mlambe, pamamera kaphwetekere kakang'ono kamene palibe anakabzala. Palibe amakathirira, palibe amakapopera. Kamayanga pansi, kamabereka timikanda towawasa, ndipo tomato wa kumsika akakwera mtengo, ndi komweko kamene kamapulumutsa ndiwo. Timakanyoza chifukwa sikadzaza dengu ndipo sikagulika. Sindikunena kuti kamapirira nthenda iliyonse; kamadwala nako. Koma taganizani: chaka ndi chaka, kutentha kwa pano, mchenga wa pano ndi tizilombo ta pano zakhala zikusankha, zofooka kufa, zolimba kusiya njere. Ntchito imene akatswiri amalipidwa kuti aichite, padzala yachitika yaulere. Ndiponso nyanja yatithandiza. Njere za pachilumba sizisakanikirana kawirikawiri ndi za kumtunda, choncho n'kutheka kuti kaphwetekere ka ku Makulawe kapena ku Nkhwazi kali ndi kena kamene ka ku Lilongwe kalibe. Tingadziwe pokhapokha titakabzala mu mzere, pambali pa Tanya, n'kuona. Dziko lathu lili ndi nkhokwe ya mbewu ku Chitedze, ndipo kafukufuku wa ndiwo zamasamba amachitikira ku Bvumbwe. Koma Bvumbwe ndi kumtunda kozizira, ku Thyolo. Yankho la funso la Likoma silingatuluke kumeneko popanda dimba la pa Likoma.

Kuyesako sikufuna ndalama zambiri. Tengani mitundu inayi kapena isanu: Tanya, Tengeru 97, Rodade, hayibulidi imodzi ngati gulu lingasonkhe, ndi phwetekere wathu. Mufese tsiku limodzi, muwokere tsiku limodzi, mitengo khumi pa mtundu uliwonse, manyowa ndi madzi mofanana. Musayesere dimba limodzi lokha, chifukwa mzere umene wagwera pa chulu kapena pamene panali khola udzakunamizani. Chitani madimba atatu, ndipo mu dimba lililonse musinthe malo a mizere. Pakhale kope, ndipo ana asukulu inu kope limeneli ndi lanu. Lembani tsiku la duwa loyamba, mitengo imene yafa ndi mmene yafera, ndi zipatso zimene mwathyola sabata iliyonse. Ikani zipatso zisanu za mtundu uliwonse pa thandala, muwerenge masiku mpaka zitafewa. Pomaliza zulani mitengo yonse, mutsuke mizu m'nyanja, muiyale pa mwala n'kuyerekeza timfundo. Amayi aphike usipa ndi mtundu uliwonse pawokha, chifukwa mtundu wokanidwa kukhitchini sudzalimidwa ngakhale utabereka chotani.

Posunga njere, sankhani mtengo, osati chipatso. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere: tomato wamkulu wa pa mulu akhoza kukhala yekhayo amene mtengo wodwala unabereka. Yendani m'dimba mitengo ikadali ndi zipatso, mumange kansalu pa imene yakhala yobiriwira anzake akufota, ndipo musatenge pa mtengo umodzi wokha, tengani pa isanu kapena khumi. Finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, muzisiye masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba patachita nkhungu. Kuwira kumeneku kumachotsa kuterera ndiponso kumachepetsa ena mwa matenda okakamira pa njere. Tsukani, mutaye zoyandama, zomira muziyanike pa mthunzi, osati pa lata padzuwa. Zikauma gwa, muziike mu envulopu, envulopuyo m'botolo lotseka bwino, chifukwa chinyezi cha kunyanja chimapha njere mwakachetechete.

Pempho langa ndi limodzi. Mvula ikatha, musanalambule padzala, yang'anani kaye. Mukapeza kaphwetekere kobereka bwino, tengani njere, mulembe pa envulopu dzina la mudzi ndi mwezi, mukapereke kwa alangizi a zaulimi kapena kwa aphunzitsi amene asunge kope lija. Achibale a ku Chizumulu ndi a tsidya lija la Cobue muwauzenso atumize zawo. Tikapeza maenvulopu makumi awiri, nazale yoyamba tifese mu Epulo.